Mkonono si nyimbo ya anthu okhuta

Aliyense amene adagonapo pa siwa, kapena kukwera basi ya usiku yopita ku Johannesburg, akumudziwa munthu ameneyu. Amakhala wathupi, wa khosi lalifupi, ndipo akangotsamira pang'ono basi wayambapo. Mkonono wake umamveka ngati thalakitala ya ku esiteti ikukwera chitunda. Kenaka mwadzidzidzi, zii! Anthu n'kumayang'anana. Pakapita kanthawi amadzidzimuka ngati watsamwa, n'kuyambiranso. Ife timaseka. Timati, "Asiyeni abwana, akhuta."

Inenso ndinkaseka nawo. Ndidasiya m'mwezi wa Ogasiti 2023 pamene achimwene anga, amene ali ndi golosale ku Limbuli kuno ku Mulanje, adagona tulo ali pa chiwongolero pa msewu wa Midima, masanasana, akuchokera kokaoda katundu ku Limbe. Sadamwe mowa. Sadachezere usiku. Galimoto idakathera m'ngalande, ndipo mayi wina amene ankayenda m'mbali mwa msewu ali ndi mwana kumbuyo idangomuphonya pang'onong'ono. Kumudzi nkhani idali m'kamwam'kamwa. Ena ankati awalodza anzawo a mumsika, ena ankati zizimba za bizinesi zayamba kubweza. Alamu anga okha ndiwo adanena zomveka. Adati, "Alamu, bambo a kunyumbawa usiku amafa n'kudzuka. Ine ndimachita kuwagwedeza kuti apume."

Inetu si dokotala, sukulu ya ukachenjede ndidaisiyira panjira. Koma zaka ziwiri zimene ndakhala ndikuonerera nkhondo ya m'nyumba imeneyi zandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndikufuna tikambirane lero: matendawa chithandizo chake chili pawiri, makina ndi mbale, ndipo zonse ziwirizi zimagwa ngati ife owazungulira odwalawo sitisintha maganizo.

Tiyambe ndi matendawo. Azungu amawatcha sleep apnea, kutanthauza kubanika m'tulo. Munthu akagona minofu ya kummero imafooka. Ngati njira yake ya mpweya ndi yopapatiza, kaya chifukwa cha mafuta a m'khosi ndi m'lilime, kaya chibwano chaching'ono kapena zotupa za kummero, njirayo imatsekeka ngati paipi yopondedwa. Kupuma kumaima kwa masekondi 10 kapena kuposerapo, mpweya wabwino m'magazi umatsika, ndiye ubongo umamudzidzimutsa munthuyo kuti apume, mwini wake osadziwa kanthu. Madokotala amawerenga kuti zimenezi zachitika kangati pa ola. Kuyambira ka 5 ndiye kuti matenda alipo, kupitirira ka 30 ndiye kuti afika poipa. Achimwene atapita kokaoda ku Johannesburg, mphwawo wa alamu amene amagwira ntchito kumeneko adawatengera kokayezetsa. Adapezeka kuti amabanika ka 41 pa ola. Werengani nokha, usiku umodzi pafupifupi ka 300.

Munthu wotere amagona maola asanu ndi atatu koma amadzuka ngati wachezera kulima. Mutu umapweteka m'mawa, amakodza pafupipafupi usiku, amaiwalaiwala, ndipo ngakhale za m'banja zimazilala. Choopsa kwambiri n'chakuti mtima umavutika. Matendawa amayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, shuga ndi sitiroko, ndipo dalaivala amene ali nawo osalandira chithandizo mwayi wake wochita ngozi ndi wowirikiza kawiri kapena kuposa.

Musaganize kuti ndi matenda a ku Ulaya. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya Lancet Respiratory Medicine idayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 pa dziko lonse ali nawo. Kwathu kuno chimene chimawabweretsa kwambiri, kunenepa, chikukula. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo adapeza kuti mu 1992 amayi 10 mwa 100 alionse adali onenepa kupitirira muyeso, koma pofika 2015 ndi 2016 adali 21, ndipo m'matauni adali 36. Kafukufuku wina wa 2009 adapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Kodi mwa anthu amene amafola kukatenga mapilitsi a BP mwezi ndi mwezi, ndi angati adafunsidwapo kuti usiku amagona bwanji?

Tsono chithandizo chodalirika ndi makina otchedwa CPAP. Adawatulukira dokotala wa ku Sydney m'dziko la Australia, Colin Sullivan, amene adalengeza zotsatira zake mu 1981. Ndi kabokosi kopemerera mpweya kudzera m'paipi ndi masiki, ndipo mpweyawo umakankha khoma la mmero kuti lisagwe. Nzeru imeneyi si yachilendo kuno. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala athu pamodzi ndi a Rice University ya ku America adayesa mu 2012 makina otsika mtengo a ana akhanda otchedwa Pumani. Zotsatira zimene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake adasindikiza mu 2014 zidaonetsa kuti ana 71 mwa 100 oikidwa pa makinawa adapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene adangopatsidwa oxygen. Pumani adafalikira m'zipatala za m'maboma. Makanda tidawaganizira, ndipo tidachita bwino. Atate awo a makandawo ndiwo akubanika okha kuchipinda.

Achimwene adabwera nawo makina awo monyadira, ngati agula wailesi yatsopano. Patatha milungu itatu ndidawapeza ali pamwamba pa wadirobu, atakutidwa ndi chitenje. "Iwe, chinthu chimenechi chindipha msanga kuposa matendawo," adatero. Sadali okha. Kafukufuku wa m'maiko olemera momwe akuonetsa kuti pafupifupi theka la anthu opatsidwa makinawa sawagwiritsa ntchito mokwanira, kumene kuli kuwavala maola osachepera anayi usiku uliwonse. Walira mvula walira matope. Koma matope ake ndi odziwika, ndipo alionse ali ndi podutsira pake. Ndifotokoze mmene tidawadutsira, mothandizidwa ndi dokotala amene adawayeza, poimba lamya.

Choyamba, kuuma kwa mphuno ndi kukhosi. Mpweya wopemerera usiku wonse umaumitsa, makamaka m'chilimwe. Makina ambiri ali ndi kathanki ka madzi konyowetsa mpweya. Madzi oyenera ndi osungunulidwa aja ogulitsa ku famase. Akasowa, madzi oyera owiritsa n'kuziziritsa angagwire ntchito kwa masiku ochepa, bola kuwataya m'mawa uliwonse ndi kutsuka kathankiko. Madzi a batire ogula pa shopu ya zitsulo za galimoto ayi ndithu, mapapo si batire. Ngati munthu amagona chotsegula pakamwa, mpweya umalowa m'mphuno n'kutuluka m'kamwa, ndiye kukhosi kumauma gwa. Pamenepo pamafunika kalamba kogwira chibwano, kapena masiki yophimba mphuno ndi kamwa pamodzi.

Chachiwiri, zilonda pa mphuno ndi mpweya wothawira m'maso. Achimwene ankamanga malamba ngati akumanga katundu pa kaliyala, kuganiza kuti akatero mpweya suthawa. Zoona zake n'zakuti kumangitsa kumapinda mphira wa masiki, mpweya n'kuthawa kwambiri. Malamba akhale ogwira koma osafinya, ndipo awakonze munthu atagona kale, makina akulira. Nkhope isambidwe asadavale, masiki itsukidwe tsiku ndi tsiku ndi sopo wofewa. Mafuta odzola a petroleum jelly asakhudze mphirawo chifukwa amauwononga.

Chachitatu, kutupa mimba. Mpweya wina umalowera kum'mero wa chakudya, munthu n'kudzuka akugeya ndi kuphwisa. Kukweza kumutu kwa bedi pang'ono kumathandiza, komanso kusadya mochedwa. Zikapitirira ndiye kuti mphamvu ya mpweya yachuluka, ndipo woyenera kuisintha ndi dokotala, osati mnyamata wokonza mafoni pa msika.

Chachinayi, mantha. Kutsekedwa kumaso usiku si masewera. Tidawauza achimwene kuti azivala masiki masana kwa theka la ola akumvera mpira pa wailesi, mpaka thupi lizolowere. Makina ambiri alinso ndi batani loyambitsa mpweya mofewa, n'kumakwera pang'onopang'ono munthu atagona.

Chachisanu ndi chathuchathu, chimene buku la makinawa silitchula: magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Ngakhale amene ali nawo sadaiwale zimene zidachitika namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Magetsi akazima pakati pa usiku munthu safa, masiki ili ndi timabowo topumira ndipo amangodzuka, koma chithandizo cha usiku umenewo chathera pomwepo. Achimwene adagula batire lotchaja ndi sola. Tidaphunziranso kuti chimene chimadya moto kwambiri ndi chotenthetsera madzi chija, kotero pa batire timachizimitsa kuti makina afike m'mawa.

Ndiye pali ndalama. Masiki ndi zosefera fumbi zimatha, ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kamphira kokwana m'dzanja kadasanduka katundu wokambirana pa banja. N'chifukwa chake ena amathamangira makina a kaunjika. Chenjerani. Mu Juni 2021 kampani ya Philips idaitanitsa makina ake mamiliyoni angapo chifukwa siponji yoletsa phokoso m'kati mwake inkanyenyeka, munthu n'kumapuma tizidutswa. Musadapereke ndalama fufuzani mtundu ndi nambala ya makinawo pa intaneti. Ndipo mphamvu ya mpweya imatcheredwa pa munthu mmodzimmodzi ngati magalasi a maso. Makina a malemu amalume si anu.

Pofika Khirisimasi ya chaka chomwecho achimwene ankagona ndi makina usiku wonse. Tulo ta masana tidatha, alamu nawo adayamba kugona. Koma apa mpamene ambiri amalakwira. Makina sachiritsa. Amangogwira chitseko kuti chisatsekeke usiku umenewo, mukawavula matenda ali pomwepo. Sachepetsanso thupi. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2015 adapeza kuti ogwiritsa ntchito CPAP amawonjezerako thupi pang'ono. Chimene makina amakupatsani ndi mphamvu. Munthu wosagona amamva njala kwambiri ndipo amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, pamene wogona bwino angathe kuyenda ndi kudziletsa. Mphamvu imeneyo ndiyo mpamba woyambira ntchito yeniyeni.

Ntchitoyo ili ndi phindu lowerengeka. Kafukufuku wa ku Wisconsin ku America wa m'chaka cha 2000 adapeza kuti munthu akachepetsa gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake, kubanika kumatsika ndi pafupifupi 26 peresenti, ndipo akawonjezera gawo lomwelo kumakwera ndi 32 peresenti. Wina wa mu 2014 ku Pennsylvania adaonetsa kuti BP imatsika kwambiri kwa amene aphatikiza makina ndi kuchepetsa thupi kusiyana ndi amene atsata chimodzi chokha. Kwa munthu wa makilogalamu 100 tikunena makilogalamu 10. Si phiri ayi.

Nanga chimavuta n'chiyani? Abale anga, tinene zoona, chimavuta ndi ife. Kwathu kuno mimba ndi chikole. Wa geni akanenepa timati zikuyenda, ndipo pa holoselo amamukhulupirira ndi katundu wa ngongole. Mkazi akanenepa timati akusungidwa bwino. Koma munthu akaonda, mafunso amayamba. Amene tidakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka mawu oti kaliwondewonde, ndi mmene tinkayezera anzathu ndi maso pa maliro. Ma ARV aulere adayamba mu 2004 ndipo anthu zikwizikwi ali moyo ndi athanzi, koma diso loyeza lija tidakali nalo. Limapweteka amene ali ndi kachilombo, limapwetekanso amene akufuna kupulumutsa mtima wake. Achimwene atatsika makilogalamu asanu oyamba, mayi wina wa ku tchalitchi adawakokera pambali alamu anga n'kuwanong'oneza kuti, "Amayi, musabise, pitani nawo akayezetse." Mnzawo wa mumsika adawafunsa ngati golosale ili pa malonda. Sabata imeneyo adadya ngati akubwezera ngongole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ife timaombera m'manja mkuyuwo.

Ndiye poti kuonda pang'onopang'ono n'kotopetsa, msika wa njira zachidule watseguka. Pa Facebook ndi WhatsApp padzaza tiyi wochotsa mimba m'masiku 14. N'zoseketsa kuti ife a ku Mulanje, amene timadzuka m'mawa n'kuona minda ya tiyi mpaka m'tsinde mwa phiri, tizigula tiyi wa m'mapaketi osadziwika kochokera pa mtengo wa thumba la chimanga. Wambiri mwa tiyi wotere amangotsegula m'mimba. Chimene chachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo chimabwerera. M'maiko ena mankhwala otere apezekapo atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, amene adachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa choika mtima pa ngozi. Taganizani munthu wa BP kale akumwa zimenezo.

Nkhani yatsopano ndi jakisoni. Mu Disembala 2024 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, lidavomereza jakisoni wa tirzepatide, wogulitsidwa ndi dzina loti Zepbound, ngati mankhwala oyamba a kubanika m'tulo kwa anthu onenepa kwambiri. Si bodza, amagwira ntchito. Koma pamene ankalowa pa msika mu 2023 mtengo wake udali madola opitirira 1,000 pa mwezi. Ndipo kafukufuku wa 2022 pa jakisoni mnzake, semaglutide, adaonetsa kuti amene adasiya kubaya adabwezeretsa magawo awiri mwa atatu a thupi limene adataya, chaka chisadathe n'kutha bwino. Mu Juni 2024 bungwe la WHO lidachenjeza kuti semaglutide wachinyengo wapezeka pa msika m'maiko angapo. Ngati wachinyengo adafika ku Britain ndi ku Brazil, mukuganiza kuti amene angakubweretsereni m'chikwama pa chipata cha Mwanza kapena Muloza ndi uti?

Kudzipha ndi njala nakonso si nzeru. Ku America kudali mpikisano wa pa kanema wotchedwa The Biggest Loser, momwe anthu ankaonda mothamanga. Asayansi atatsata 14 mwa iwo, adalengeza mu 2016 kuti patatha zaka zisanu ndi chimodzi ambiri adali atabwezeretsa thupi lochuluka, ndipo matupi awo ankagwiritsa ntchito chakudya mochedwa kuposa kale. Thupi likaona chilala limasunga, monga mayi wanzeru amachitira ndi nkhokwe.

Chimene chidathandiza kwathu n'chosachititsa chidwi. Nsima siidachoke pa tebulo, koma mitanda idatsika kuchoka pa inayi kufika pa iwiri, ndipo ufa woyera udalowedwa m'malo ndi mgaiwa. Theka la mbale lidakhala la masamba: nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa. Nandolo, amene timalima tokha n'kugulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, adabwerera mumphika pamodzi ndi nyemba ndi usipa. Shuga wa mu tiyi adatsika kuchoka pa masipuni anayi kufika pa imodzi, sipuni imodzi mwezi uliwonse kuti lilime lisaukire. WHO imati kungakhale bwino munthu asapitirire masipuni aang'ono asanu ndi imodzi pa tsiku, pamene kabotolo kamodzi ka zoziziritsa kukhosi kangakwanitse muyeso wonsewo pakokha. Tchipisi cha pa chiwaya ndi kanyenya zidasanduka za Loweruka lokha. Akafuna chotsekemera, nanazi ali pakhomo. Mowa wa madzulo udachoka, pakuti mowa, monganso mapilitsi ogonetsa, umafooketsa minofu ya kummero, kubanika n'kukula.

Za kuyenda, palibe amene adawauza kuti akathamange Porters Race ku Likhubula kapena kukwera Sapitwa, mamita 3,002. WHO imati mphindi 150 pa sabata, kumene kuli theka la ola masiku asanu. Adangosiya kukwera kabaza popita ku golosale. Lolemba lililonse amakwera pa sikelo yawo yomwe yoyezera nandolo, alamu n'kulemba m'kope la ngongole. Cholinga chidali theka la kilogalamu pa sabata. Miyezi ina sikelo siinkasuntha, ndipo pa Khirisimasi ya 2024 adabwezera makilogalamu awiri. Sadataye mtima. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'zaka ziwiri adachoka pa makilogalamu 108 kufika pa 96. Atayezetsanso mu 2025, kubanika kudatsika kuchoka pa 41 kufika pa 28. Sadachire, ndipo makina akuvalabe, koma dokotala adatsitsa mphamvu ya mpweya, kutupa mimba kuja n'kutheratu. Apa mpamene ndidaona kuti ziwirizi zimanyamulana: makina amapereka mphamvu yochepetsera thupi, thupi likachepa makina amapepuka. Amene angaonde asaponye makina payekha asadayezetsenso. Ndipo tisaiwale kuti alipo oonda amene ali ndi matendawa, ngakhalenso ana a zotupa za kummero.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga tsamba lino makinawa sangawakwanitse. Kwa inu ndinene izi. Gonani chammbali, chifukwa chagada lilime limagwera kummero. Sokererani kathumba kumsana kwa malaya ogonera n'kuikamo chitsononkho, mudzatembenuka nokha. Siyani mowa wa usiku ndi fodya. Yezani khosi ndi tepi ya telala, likapitirira masentimita 40 muli m'gulu loyenera kusamala. Pitani kuchipatala mukayezetse BP ndi shuga, ndipo mukawauze za mkonono ndi tulo ta masana, mutatenga amene mumagona naye chifukwa mboni ndi iyeyo. Zimenezi sizilowa m'malo mwa makina kwa wodwala kwambiri, koma zimachepetsa. Ndipo chonde, ngati mumasinza masana, chiwongolero chisiyeni kaye.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho langa silifuna thandizo la maiko akunja. Pa kiliniki iliyonse ya BP ndi shuga pakhale tepi yoyezera khosi ndi mafunso atatu: mumaliza mkonono, mumabanika m'tulo, mumasinza masana? Eni maminibasi ndi mathiraki afunseni madalaivala anu mafunso omwewo, pakuti m'galimoto mwanu mumakwera ana athu. Inu ophunzira a ku KUHeS, tiwerengeni kuti boma lione kukula kwa vutoli. Inu a uinjiniya ku MUBAS, dziko limene lidatha kupereka Pumani kwa makanda lingalephere bwanji kuganizira makina a akuluakulu oyendera sola?

Koma pempho lalikulu lili kwa inu ndi ine. Mnzathu akayamba kuchepa thupi, tisathamangire kunong'ona. Mlendo akakana mtanda wachitatu, tisamati wanyoza mphika. Alamu anga adapeza yankho lawo. Mayi wa ku tchalitchi uja atabweranso ndi nkhope ya chisoni, adamuuza kuti, "Zikomo amayi, anayezetsa kale. Anawapeza ndi matenda a mimba yaikulu, ndiye tikuwachiza." Mayiyo adaseka. Patapita sabata adabweranso, nthawi ino kudzafunsa mwakachetechete kuti tepi ija amayeza pati, chifukwa bambo a kwawo nawonso usiku amati zii.